Buku Lili M'manda, Mpunga Ukadali M'munda

Bogor, Lolemba, 3 Juni 2024

Mafuta a setilaiti yathu lero m'mawa, malinga ndi mabuku anga, m'makilo:

Amene inali nawo itakhazikika pamalo pake mu 2006: 512.0
Amene yawotcha m'zaka 18: 497.2
Otsala: 14.8
Amene sangatuluke, omatirira m'thanki: 1.5
Oikwezera kumanda ake ikatha ntchito: 6.6
Okhalira masiku 90 pamalo atsopano: 0.4
Otsala a ulendo: 6.3

Achimwene anga, bambo a Rannu,

Pepani kuti ndayamba ndi manambala moni ndisanapereke. Mukundidziwa, dzanja langa silimasuka lisanalembe nambala. Muli bwanji kumeneko ku Pangala', inu ndi alamu anga? Chifuwa chija chinakusiyani? Mwana wanu Rannu anandiuza kuti mukukanabe kupita kuchipatala ku Rantepao, ati dokotala wake munamuona akuthamanga wopanda kabudula. Pitani basi. Opanda kabudulawo ndi amene akutichiza masiku ano.

Ine ndilipo. Bondo lakumanzere ndilo likundizunza. Masitepe a kuntchito alipo 34, ndipo tsopano ndimapuma pa 12 ndi pa 25. Mvula siikuleka ngakhale tili mu Juni, denga likudontha malo atatu, ndipo munthu amene ndinamuitana kudzakonza wandilonjeza kanayi. Khofi amene munatumiza pa Pasaka ndikumwa mosamala, watsala wa masiku 19. Mwana wanga Mery ali bwino ku Batam, ana ake onse awiri akhoza mayeso. Akundikakamiza kuti ndisiye ntchito ndikakhale naye, ati mayi wa msinkhu wanga azisewera ndi zidzukulu, osati kukwera minibasi ndi ana a sukulu. Za m'kalata muno sakudziwa.

Kalatayi ikubwera ndi amake a Tiku, amene anyamuka Lachinayi, agona kwa mwana wawo ku Makassar, afika kumeneko Loweruka. Foni ndaiopa, chifukwa inu foni mumayankhira pansi pa nkhokwe mutakweza mawu, amuna onse a m'mudzi akumwa khofi n'kumakuthandizani kuyankha. Nkhani iyi muwerenge nokha. Maso akakana, akuwerengereni Rannu, wina ayi.

Za ntchito yanga simunandifunsepo bwinobwino. Mumangouza anthu kuti mlongo wanu amaweta njati yachitsulo kumwamba. Simunalakwitse kwenikweni. Ndiloleni ndikufotokozereni za njatiyo, chifukwa popanda kutero pempho langa limveka ngati misala.

Setilaiti yathu yakalamba. Anaipanga kuti igwire ntchito zaka 15, ndipo yakwanitsa 18. Ine ndinapuma ntchito mu 2017, koma patangotha miyezi isanu anandiitananso, poti palibe wina amene amaidziwa makhalidwe ake. Kuntchito amati ali ndi nkhalamba ziwiri, ina kumwamba ina pansi, zonse zoyendera mafuta oyeza ndi supuni.

Kumwambako mafuta sayezedwa ndi kamtengo ngati m'thanki ya jenereta. Sakhala pansi, amayandama n'kumamatira m'makoma. Njira yathu ndi kuwerenga. Nthawi iliyonse tikayatsa kainjini kake, timalemba masekondi amene kayaka, timawasandutsa magalamu, n'kuchotsera pa mafuta amene inali nawo poyamba. Tachita zimenezi kuyambira 2006. Mabuku ake alipo 14, a zikuto zakuda. Pa shelefu yanga pali 13.

Tsopano vuto lake. Dziko lathu lili ndi malo ena kumwambako, madigiri 36 kum'mawa kwa pamene nkhalamba yaima, ndipo malowo akhala opanda kanthu pafupifupi zaka zitatu chifukwa setilaiti yatsopano yachedwa kumangidwa. Lamulo la mayiko likuti malo osakhalidwa zaka zitatu amapita kwa amene akudikira pamzere. Zaka zitatuzo zikwana pa 31 Julayi. Yatsopanoyo ndiyo idzatumikire masukulu ndi zipatala za kuzilumba za kum'mawa, koma ikadzatha kumangidwa malo atapita, idzasowa poima. Ndiye akufuna nkhalamba yathu ipite ikakhalepo masiku 90, igwire malo.

Kuisuntha kuli ngati mmene munkatsitsira mitengo ya nkhokwe m'matope a kuphiri kuja. Umakankha kamodzi, mtengo n'kumatsetsereka wokha, pakati pa njira osawononga mphamvu. Koma mphamvu imene wakankhira imafunikanso yonse poimitsa. Ife timaitsitsa pang'ono, makilomita ngati 50, iyo n'kuyamba kutsetsereka kulowera kum'mawa, ikafika timaikwezanso kuti iime. Ukafuna ifike msanga, uyenera kukankha kwambiri n'kuimitsanso kwambiri. Wonyamuka msanga amayenda pang'onopang'ono ndipo amadya pang'ono. Ikanyamuka lero, ulendo udya makilo 2.1. Ikanyamuka pa 21 Juni, 3.1. Pa 11 Julayi, 6.1. Kupitirira apo palibenso ulendo.

Ikadzatha ntchito tiyenera kuikweza makilomita 300, kumene timaika zakufa, kuti isatsale m'njira ya zamoyo. Mafuta a zimenezo sakhudzidwa. Aliyense amene wadutsa m'manja mwanga ndinamuphunzitsa kuti nkhalamba idye zonse, koma isadye za maliro ake.

Lachisanu tinali ndi msonkhano. Bwana wathu, bambo Wiryawan, ndi munthu wabwino, amandisiyira mpando wofewa ndikalowa. Anati nkhaniyi ndi yosavuta: pepala likuti 14.8, ulendo ukufuna awiri ndi pang'ono, tinyamuke Lolemba, chatsala ndi dzanja la agogo papepala. Ine ndinati tiyambe tatenthetsa thanki tione mmene ikufundira, poti thanki ya mafuta ambiri imachedwa kufunda kuposa yopanda kanthu. Anakanda kumutu nati chabwino, agogo sakanidwa, koma Lachisanu pa 21 Juni m'mawa akufuna nambala yosainidwa pa tebulo pake, chifukwa nawonso ali ndi amene amawakalipira.

Titatuluka, mayi Nengsih, amene ndakhala nawo tebulo limodzi zaka 11, anandigwira mkono m'khonde. Anati agogo, inu amene munandiliritsa chifukwa cha magalamu 20 ndili mlendo pano, lero mukutaya magalamu 36 tsiku lililonse kaamba ka mayeso amene nokha mumawatcha ula? Anati kapena mwapeza mdala wina wakusokonezani mutu, mutiuze msanga tisoketse yunifolomu ya ukwati. Ndinaseka nawo. Kenaka anasiya kuseka, anandiyang'ana nthawi yaitali, nati ngati pali kanthu ndiwauze. Ndinati ndi bondo.

Sananame. Kutenthetsa thanki kumalakwitsa ndi makilo anayi, kuonjezera kapena kuchepetsa. Sikungandiuze kanthu. Ndangogulira masiku, kuti kalatayi ikufikeni.

Achimwene, mu 14.8 muja muli bodza, ndipo bodzalo ndi langa.

Mukukumbukira maliro a amayi mu Okutobala 2010. Ndinabwera ndekha, amuna anga a Minggu sanabwere, ndipo inu munanena pamaso pa anthu kuti mlamu wanu wakonda chitsulo kuposa apongozi ake. Sabata imeneyo setilaiti inasokonezeka, inaleka kuyang'ana dziko n'kuyamba kuzungulira ngati nguli, maola 31. A Minggu ndi amene anali pa makina. Anaibweza pang'onopang'ono, kuyatsa kainjini aka, kenaka ako, ndipo sekondi iliyonse anailemba ndi pensulo m'buku lachisanu ndi chimodzi. Atandiimbira ndinawafunsa kuti yadya angati. Anati si ambiri, ndiike kaye amayi, tidzawerengera limodzi ndikabwera.

Sitinawerengere. Ndinabwerako ndili wotheratu, iwo anayamba kudwala mu Disembala, mu Malichi 2011 anamwalira, mu Ogasiti, mpunga utakololedwa, tinawaika m'nyumba yamanda yathu. Ndinawaikira chikwama chawo chachikopa monga mmene anachisiyira: magalasi, Baibulo, mapensulo atatu ndi bukulo. Ndinkadziwa kuti lili momwemo. Ndinati apite nalo, ndi dzanja lawo, poti zonse zinajambulidwanso pa matepi a kuntchito.

Potseka mabuku kumapeto kwa 2011 ndinayenera kutsegula matepiwo. Ndinalephera. Pamatepipo pali ndi mawu awo akuwerenga masekondi mokweza. Ndinangolemba kuti inadya makilo 2.0, ndi pensulo, ndikuti ndidzakonza mtima ukakhala pansi. Mu Januwale 2013 madzi osefukira analowa m'chipinda chapansi, matepi onse a zaka zimenezo anaonongeka. Sabata yotsatira ndinatenga cholembera cha inki n'kudutsitsa pamwamba pa pensulo ija. Kuchokera mu 2011 ndasainira nambala imeneyo ka 13. Palibe anandifunsapo, chifukwa ndine Dorkas wowerenga chilichonse.

Musaganize kuti ndathamangira kwa inu ndisanayese kwina. Ndinalembera kampani ya kunja imene inapanga setilaitiyi. Yagulitsidwa kawiri, ndipo amene anandiyankha anati za 2010 alibe. Ndinaimbira bambo Sihombing ku Medan, amene anali pambali pa a Minggu maola onsewo. Akalamba kuposa ife. Anandizindikira mawu, anasangalala, anati akukumbukira bwino kwambiri: anadya mapaketi asanu ndi anayi a mpunga wokazinga, ndipo Minggu, kambuzi kameneko, anawabera dzira kawiri. Nditafunsa za masekondi anati ndifunse Minggu, ndiye ali ndi buku. Kenaka anandifunsa kuti ali bwanji masiku ano. Ndinati akupuma.

Ndawerengera mbali zonse. Ngati a Minggu anali ndi mwayi, inadyadi makilo awiri. Ngati zinavuta mmene maola 31 angavutire, inadya asanu ndi atatu, ndiye kuti m'thanki muli 8.8, osati 14.8. Ndi 8.8 ikhoza kukwera kumanda ake mawa n'kutha mwaulemu. Koma ikayamba yapita ulendowu, idzadya za maliro ake. Pokwera idzafera pakati pa njira, pamene dzuwa ndi mwezi zimakoka chinthu n'kumachibweza pafupi ndi zamoyo, ndipo palibe munthu padziko amene angakaichotsepo. Tani imodzi ndi theka yachitsulo chosamva, kumayendayenda pamwamba pa masetilaiti a eni ake zaka zambiri ife titaiwalika. Inu mukudziwa kuposa ine tanthauzo la kusiya chakufa chosaikidwa. Buku likanena makilo asanu kapena kuchepera, ulendo wa pa 21 Juni ndi wotheka ndipo ndisaina ndi mtima woyera. Likanena oposa apo, ndikana, pepala la a Minggu lili m'manja.

Choipitsitsa ndi ichi. Chiwaikireni a Minggu ndabwera katatu pa mwambo wathu wotsegula manda n'kuwasintha akufa zovala, mu 2014, mu 2017 ndi chaka chatha. Katatu konse ndinawasintha malaya, ndinanyamula chikwamacho ndi manja angawa, ndinachipukuta fumbi, n'kuchibwezera pambali pawo osachitsegula. Chaka chatha alamu anga anandifunsa kuti bwanji ndikuchigwira ngati chikuotcha. Ndinkaopa nambala. Malinga ndisanaione, 2.0 ija ikanatha kukhala yoona.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiye ndipempha. Kiyi wa nyumba yamanda ali ndi inu. Munditsegulire mwezi uno, mpunga usanakololedwe.

Ndikudziwa chimene ndanena. Sindinaiwale kuti mpunga ukadali m'munda sitiponda kumanda, ndiponso kuti chigwa chonse chimadikira mpaka munda womaliza utakololedwa mu Ogasiti. Ndikuwakumbukira bambo a Sattu mu 1987, atazemba kukalira mkazi wawo mpunga utayamba kubereka. Ndikukumbukira mmene makoswe anadzadzira kuyambira kumtsinje mpaka kumunda wa tchalitchi, ndi mmene anthu anakhalira zaka ziwiri osamwa khofi pakhomo pawo, ngakhale nkhumba anapereka. Za makoswe sindikutsutsana nanu, maphunziro anga sanafike kumeneko. Ndikudziwanso kuti ine ndidzakwera basi n'kubwerera ku Bogor, inu n'kutsala ndi maso a anthu, chaka chonse, pa khoswe aliyense amene adzaoneke.

N'chifukwa chake sindikuti mutume Rannu akajambule masamba ndi foni mobisa. Ndinaganizapo masiku awiri athunthu, ndipo ndikuchita manyazi. Ndibwera ndekha. Ndidzaima pamaso pa akuluakulu dzuwa likuwala, ndinene kuti wolakwa ndine ndipo wolowa ndine. Akati nkhumba ndidzapereka nkhumba, akati njati ndidzapereka njati. Ndidzalowa ndekha mphindi khumi, nditenge bukulo osakhudza wina aliyense, ngakhale amayi. Mu Ogasiti ndidzalibwezera mwini wake. Koma sindingakwere phirilo musanandilole. Sindifuna kudzaima pakhomo la makolo athu ndikukangana ndi mlongo wanga.

Mukakana sindidzakusungirani kanthu. Pa 21 ndidzayenera kulowa kwa bambo Wiryawan, ndinene kuti 2.0 ija ndinaipeka, ndilembe 8.8, tiikweze nkhalamba kumanda ake, malo aja apite kwa ena. Choyenera ndi chimenecho, ndipo ndikuchidziwa. Koma achimwene, ndikudziopa. Dzulo kutchalitchi ndinayesa kunena mawuwo mumtima, ndinangofika pa dzina la bwana n'kuima. Dzanja limene lasaina ka 13 silivutika kusaina ka 14. M'chipinda chathu muli anthu 22, onse akufuna ulendowu, onse adzakhala akundiyang'ana, ndipo pepala lidzabwera litalembedwa kale 14.8. Sindikudziwa chimene ndidzachite. Ndili ndi zaka 67, ndipo aka n'koyamba kulemba mawu amenewa.

Inu munagulitsa njati yanu yoyamba kuti ine ndikaphunzire ku Bandung. Pondikweza lole munati poti ndimawerenga ngakhale utitiri wa galu, ndipite kumene angandilipire pa matenda angawo. Sindikukukumbutsani kuti ndikukakamizeni. Ndikungoti munandipatsa kale chinthu chachikulu kamodzi, ndipo ndikudziwa kuti munthu sayenera kupempha chotere kawiri.

Musavutike kulemba kalata. Rannu andiimbire, anene liwu limodzi lokha, bwerani kapena ayi. Pa liwu limodzi a pansi pa nkhokwe sadzatolapo kanthu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga amake a Rannu, ndipo mukafuna kuwauza auzeni, amaona zambiri kuposa tonsefe. Moni kwa Rannu ndi mkazi wake, kwa zidzukulu zanu zonse zisanu ndi ziwiri, kwa azakhali a ku Baruppu' ngati akuzindikirabe anthu, kwa msuweni wathu bambo a Tiku, ndi kwa abusa. Mulungu akusungeni, ndipo asunge mpunga wanu.

Chatsala kuwerenga ndi masiku:

Pakati pa lero ndi tsiku losaina: 17
Kalata ili panjira: 5
Ine kubwera, ndege ndi basi: 2
Kuima pamaso pa akuluakulu ndi kulowa m'manda, Loweruka pa 15: 1
Lamulungu: 1
Kubwerera ku Bogor: 2
Kuwerengera masekondi amene a Minggu analemba: 2
Onse pamodzi: 13
Otsala, anu oganizira, mpaka Lachitatu pa 12: 4

Ndine mlongo wanu,
Dorkas Tangkeallo, amake a Mery